Amene Anandinenera ku Mallala

Melbourne, 9 Malichi 1994

Ababa,

Muli bwanji ku Kimba? Nanga achemwali a Roslyn? Ine ndili bwino. Ndikanaimba foni Lamlungu la mpikisano lomwelo, koma pa foni simumva kanthu, ndiye landirani kalata monga tinapangana.

Mpikisano woyamba watha, ndakhala wachiwiri mwa anyamata 26. Galimoto zake si ngati zija tinkathamangitsa pa fumbi kwathu. Mpando ndi umodzi, denga palibe, matayala ali pamtunda opanda chotchinga, ndipo munthu umakhala chogona, matako atatsala pang'ono kukhula pa tala. Injini zonse ndi zofanana, wopambana amapambana ndi manja ake. Mipikisano ilipo isanu ndi itatu mpaka Ogasiti. Amene adzakhale ndi mapointi ambiri adzamutumiza ku Mangalande kukamuyesa pa galimoto zazikulu.

A Halloran, eni ake a timu, andipatsa kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo mkati mwa sabata ndimawagwirira ntchito yaumakaniko. Mnzanga mu timuyi ndi Stavros Kallis, mwana wa Mgiriki wogulitsa nsomba. Iyeyo ndi amene anapambana. Titatsika anati, "Iwe mlimi, wayesetsa. Kumbuyo kwanga kumaoneka bwanji?" Ine ndinati, "Sindinaone, ndimangomva fungo la nsomba." A Halloran anaseka mpaka kutsokomola.

Kodi mvula ikuonetsa? Munditumizire nsapato zanga zopyapyala zija, ndinaziiwala pansi pa bedi. Zomwe ndikuvala pano sindimva nazo bwino mabuleki.

Mwana wanu,
Darcy


Kimba, 21 Malichi 1994

Darcy,

Kalata yako yafika. Tili bwino. Mvula kulibe, nkhosa ndikuzidyetsa tirigu wa chaka chatha. Nsapato ndatumiza.

Galu wako Bosun wafa Lachinayi. Inamuluma njoka kuseri kwa thanki. Ndamukwirira pansi pa bulugamu wa pa geti.

Za kukhala wachiwirizo ndamva. Ku Mangalande satumiza wachiwiri. Ine ndinathamanga zaka khumi pa fumbi ndipo sindinachotsepo phazi pa mafuta chifukwa choopa munthu. Mgirikiyo usamuzolowetse kukhala patsogolo pako.

Bambo wako,
Lindsay Noack


Melbourne, 18 Meyi 1994

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira kuti odwala anu sakukutopetsani kwambiri. Kalata iyi ndaitumiza ku chipatala dala kuti ababa asaione.

Za Bosun zinandiwawa, koma ababa sindinawayankhe. Mukudziwa mmene amalembera, imfa ya galu mzere umodzi, wotsatira ndi mwambo.

Mwina munaona m'nyuzipepala kuti ndinapambana ku Tasmania. Zimene sanalembe ndi za ku Phillip Island sabata yatha. Ine ndi Stav tinafika pa kona limodzi, palibe amene anafuna kusiyira mnzake. Tayala langa lakutsogolo linakwera pa lake lakumbuyo. Ndinaona thambo, kenaka udzu, kenaka thambo. Akuti galimoto inagubuduzika katatu. Ine ndimakumbukira kamodzi kokha, kenaka ndinangopezeka nditakhala pa mulu wa matayala, chisoti chili m'manja, chitang'aluka kumbuyo.

Dokotala wa pabwalo anandifunsa kuti, "Unakomoka?" Ndinati ayi. "Lero ndi lachingati?" Ndinayankha bwinobwino chifukwa mipikisano imachitika Lamlungu. Anandimenya paphewa n'kundilola kupita.

Chichokereni kumeneko mutu sukusiya kuwawa. Magetsi a m'galaja amandilasa m'maso. Dzulo a Halloran anandituma kukagula mabawuti, ndinafika pa sitolo osadziwa chimene ndabwerera. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Pafupi ndi kona iliyonse pamakhala zikwangwani zosonyeza mamita otsala, ndipo timazigwiritsa ntchito podziwa popondera mabuleki. Lachiwiri titapita koyeserera, nthawi zina ndimaona zikwangwani ziwiri pamene pali chimodzi.

Inu ndinu namwino. Ndi mapiritsi ati amene angathandize? Musandiuze zoti ndipume. Ndili kumbuyo kwa Stav ndi mapointi anayi okha. Ndipo chonde ababa asamve.

Mlongo wanu,
Darcy


Kimba, 24 Meyi 1994

Iwe Darcy,

Kalata yako ndaiwerengera m'chipinda chosungiramo mabulangete.

Palibe piritsi la zimenezo. Ubongo wako unagwedezeka ndipo sunachire. Ukaugwedezanso usanachire, ukhoza kufa ngakhale ngoziyo itakhala yaing'ono. Sindikukuopseza, ndawaona anyamata ampira atawabweretsa kuno. Pita kwa dokotala sabata ino, umuuze zonse wandiuzazi, makamaka za zikwangwanizo.

Ababa sindiwauza, poti wandipempha. Chimwalirireni amayi sindinawaone akusangalala ngati pano. Amadula zithunzi zako m'nyuzipepala n'kumamata pa furiji, koma ndikalowa amanamizira kuti akufuna mkaka. Usadalire kukhala chete kwangaku. Undilembere msanga kuti dokotala wati bwanji.

Roslyn


Kimba, 13 Juni 1994

Darcy,

Tili bwino. Miyezi itatu tsopano osalandira kalata yako. Za iwe ndimamva kwa a Pfitzner a ku positi ofesi, amene amachita kundikuwira m'khutu anthu onse akuona. Ngati kupambana kwakukuza mutu, kumbukira amene anakuphunzitsa kusintha giya.

Akuti wapambana kawiri motsatizana ndipo tsopano ukutsogola. Chabwino. Pitiriza choncho, usachotse phazi.

Mvula inagwa pa 28 Meyi. Ndafesa munda wa kumpoto ndekha, watsala wa kumsewu. Roslyn sakulankhula bwino masiku ano, sindikudziwa chamuvuta. Ndikamufunsa amati watopa.

Mpikisano wa ku Mallala tibwera. Ndinyamuka Lachinayi kuti ndidzaonere ndi zoyeserera za Lachisanu. Roslyn adzanditsatira Loweruka akaweruka.

Bambo wako


Melbourne, 20 Juni 1994

Ababa,

Muli bwanji? Pepani posalemba. Si kunyada ayi, ntchito yachuluka, ndipo ndikaweruka ndimangofuna kugona.

Ndikutsogola ndi mapointi khumi ndi imodzi. Stav wasiya kunditchula mlimi, tsopano amangondiyang'ana. A Halloran akuti kwabwera kalata yochokera ku Mangalande yofunsa za ine. Patsala mipikisano itatu, Mallala ndi ina iwiri.

Ndakondwa kuti mvula yagwa. Pepani kuti mukufesa nokha. Chaka chamawa zikayenda ndidzakulemberani munthu woti azikuthandizani.

Ku Mallala mudzabwere ndi Bosun, ndamusowa. Agalu amaloledwa akakhala pa chingwe.

A Halloran akuti kwabwera kalata yochokera ku Mangalande yofunsa za ine.

Kodi mvula yagwa?

Mwana wanu,
Darcy


Melbourne, 6 Julayi 1994

Roslyn,

Sindikupatsani moni. Mwachita zimene mumafuna.

Poti munafika zonse zitatha, n'kumanamizira kudabwa, lekani ndikuuzeni mmene zinayendera. Loweruka m'mawa ndikuvala zovala zampikisano kuti ndikayeserere komaliza, anabwera mkulu wina n'kunena kuti dokotala akundifuna. Ndinaganiza kuti ndi za mapepala. Nditalowa, dokotalayo anatseka chitseko. Anandiuza mawu atatu oti ndisunge. Anandiyendetsa pa mzere, anandiimiritsa ndi mwendo umodzi nditatsinzina, ndinagwira khoma. Anayendetsa cholembera patsogolo panga n'kufunsa kuti, "Zilipo zingati?" Ndinati chimodzi. Anati, "Wachedwa kuyankha." Kenaka anafunsa mawu atatu aja. Ndinakumbukira amodzi okha.

Anati, "Mnyamata, laisensi yako ndikuisunga miyezi itatu."

Ndinati, "Adokotala, mpikisano ukutha mu Ogasiti."

Anati, "Ndikudziwa kuwerenga kalendala."

Ndinamufunsa amene wandinenera. Anati zimenezo si zanga.

Ndi anthu angati amene amadziwa za maso anga? Ndinu nokha. Munalonjeza. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuthamangira chaka chino, ndipo panatsala masabata asanu ndi awiri okha. Simukanadikira?

Ababa simunawapeze. Nditatuluka anali ataima pafupi ndi lole ya timu, chipewa chili m'manja. Ndinawalembera papepala kuti andiletsa. Anawerenga, anagwedeza mutu. Mpikisano sanaonere, anakwera galimoto kubwerera ku Kimba. Ayenda maola asanu kudzaona mwana wawo akulandidwa laisensi ngati chidakwa. Manyazi amenewo mwawapatsa ndinu.

Musandilembere.

Darcy


Kimba, 11 Julayi 1994

Darcy,

Wandiletsa kulemba koma ndilemba.

Sindinakunenere ine. Ndikanakonda ndikadakhala ine. Nditakulembera mu Meyi iwe osayankha, ndinatenga nambala ya ofesi ya mpikisano wanuwo. Kawiri ndinanyamula foni, kawiri ndinaibwezera. Mipikisano iwiri ija unapambana, ine ndimakhala pafupi ndi wailesi kudikira kumva kuti mnyamata wa ku Kimba wafa. Ndine namwino, ndimadziwa, ndipo ndinakhala chete poopa kuti udzandida. Tsopano wandida ndithu, pa chinthu chimene ndinalibe mtima wochichita.

Amene wachita zimenezi sindikumudziwa. Mwina wina wa mu timu yanu anaona. Ndikadzamudziwa ndidzamuthokoza.

Ababa amadzuka kukada, amabwera kukada. Chakudya amadyera m'shedi. Zithunzi za pa furiji sanachotse.

Kodi wapita kukajambulitsa mutu monga anakuuzira dokotala uja? Undiyankhe funso limeneli lokha, zina zonse usiye.

Roslyn


Melbourne, 25 Julayi 1994

Ababa,

Muli bwanji? Tirigu wamera bwanji?

Ndakhala ndikudikira kalata yanu koma siikubwera, ndipo ndikumvetsa. Ndakukhumudwitsani. Munandiuza kuti ndisachotse phazi, ndipo sindinachotse. Anachita kundichotsa ndi anthu.

Ndinavulala mutu ku Phillip Island, ndinakubisirani. Wina anakandinenera kwa dokotala. Poyamba ndimaganiza kuti ndi achemwali, koma akukana. Ndiye ndinaganizira amene wapindula. Lolemba lapitalo Stav anabwera ku galaja kudzayesa mpando watsopano, akuseka ndi amakaniko. Ndinamufunsa pamaso pa onse kuti, "Unamuuza chiyani dokotala uja?" Anati, "Mlimi, ndikanafuna kukuchotsa ndikanakuchotsera pabwalo, anthu akuona." Ndinamugenda ndi sipanala. Sinamupeze, inaswa galasi la ofesi. Iye anangoti, "Waona? Ngakhale pamenepa waphonya."

A Halloran anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndichotse katundu wanga. Galimoto yanga aipereka kwa mnyamata wina wa ku Sydney. Pano ndikugona kwa mnzanga, ndipo ndapeza ntchito yomata matayala.

Sindibwera kumudzi pakadali pano. Sindingathe kuyenda mu Kimba anthu akundiloza. Koma amene anachita izi ndimupeza, ababa, ndipo adzakuyankhani inuyo.

Mwana wanu,
Darcy


Kimba, 1 Ogasiti 1994

Darcy mwana wanga,

Usamufunefune munthuyo. Ndine.

Kalata iyi ndaiyamba kanayi. Ndilemba mmene zinachitikira basi.

Kalata yako ya mu Juni itafika ndinaiwerenga pa thalakitala. Unati ndibwere ndi Bosun. Ndinaganiza kuti mwina kalata yanga ya imfa yake sinafike, koma nsapato zinali mu phukusi lomwelo ndipo pa chithunzi cha m'nyuzipepala unali utazivala. Nkhani ya ku Mangalande unailemba kawiri. Unakondwera ndi mvula, kenaka m'munsi unafunsa ngati yagwa. Ndinaipinda kalatayo n'kudziuza kuti watopa chabe.

Lachisanu ku Mallala ndinakaima pa kona ya kumapeto kwa msewu wautali. Ukudziwa kuti ine injini sindizimva. Anthu ena amamvera, ine ndimayang'ana mphuno ya galimoto pamene yagwada, ndiye ndimadziwa kuti waponda mabuleki. Kuyambira uli ndi zaka khumi ndi zitatu umaponda malo amodzi, ndikhoza kuikapo ndalama yachitsulo. Tsiku limenelo unaponda pa chikwangwani, ulendo wina usanafike, wina utapitirira. Ulendo wachisanu ndi chiwiri unachedwa kwambiri. Patsogolo pako panali galimoto yachikasu, unaiphonya ndi chikhatho chimodzi. Pafupi ndi ine panaima mayi wina amene anagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri. Anali mayi wake wa woyendetsa galimotoyo.

Mutamaliza ndinabwera ku lole. Unandikumbatira, kenaka unayang'ana kumbuyo kwanga. Ndinawerenga milomo yako. Unati, "Bosun ali kuti?"

Ndinapita kwa dokotala madzulo omwewo ndi kalata yako. Anaiwerenga, analankhula zinthu zimene sindinamve. Ndinamulozera makutu anga. Anatenga pepala n'kulemba kuti, "Mukudziwa kuti mwana wanu ndiye akutsogola?" Ndinalemba pansi pake kuti ndikudziwa. Analembanso kuti, "Akandifunsa ndinene kuti ndinu?" Pamenepo ndinalemba kuti ayi. Ndiye kulakwa kwanga kumeneko.

Loweruka utandipatsa kapepala kaja ndinafuna kukuuza. Ndinaona nkhope yako. Ndinathawa. Sindinachite manyazi ndi iwe. Ndimaopa kuti ukandiyang'ana nthawi yaitali udziwa.

Ndinaganiza kuti ukwiya ndi dokotala, zitha. Sindinadziwe kuti watukwana mlongo wako mpaka dzulo, pamene ndinamuonetsa kalata yako yonena za sipanala, iye n'kundionetsa zake. Ndi pamene ndadziwa kuti umaona zikwangwani ziwiri. Ndi pamenenso ndadziwa kuti masabata amene unali choncho, ine ndimakulembera kuti usachotse phazi. Roslyn sanandilankhule chiyambire dzulo, ndipo akulondola.

A Halloran ndawalembera kuwauza zoona. Mnyamata wa Chigiriki uja ukamupepese wekha.

Sindikupepesa chifukwa chopita kwa dokotala. Zitachitikanso ndikhoza kupitanso. Ndikupepesa chifukwa cha mwezi uno umene ndakusiya ukuluma anthu osalakwa.

Tirigu wamera bwino kumpoto. Kumsewu ndi wapatalipatali.

Bambo wako


Kimba, 5 Sepitembala 1994

Darcy,

Moni mlongo wanga. Khadi lako ndalandira. Mawu awiri okha, "Pepani achemwali," koma ndawalandira. Ndakondwa kuti unakajambulitsa mutu, ngakhale ndamvera kwa mnzako amene ukugona kwake osati kwa iwe.

Ababa sunawayankhe, patha masabata asanu. Sindikuuza zochita. Ndingokuuza zimene ndikuona. Tsiku lililonse nthawi ya khumi amasiya ntchito, amayendetsa makilomita khumi ndi asanu ndi atatu kupita ku positi ofesi. A Pfitzner asiya kuwakuwira, amangopukusa mutu akawaona pakhomo. Lamlungu lija la mpikisano womaliza anandifunsa kuti wailesi yati chiyani. Ndinawalembera kuti Kallis watenga chikho. Anafunsa kuti, "Onse atsika ali bwino?" Ndinati eya. Anatuluka kukaona nkhosa.

Inenso ndinawakwiyira, ndipo sizinatheretu. Koma iwo anachita zimene ine ndinalephera.

Roslyn


Melbourne, 24 Okutobala 1994

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino.

Stav wanyamuka dzulo kupita ku Mangalande. Ndinapita kwawo sabata yatha kukapepesa. Anandisiya nditaima pakhomo kanthawi, kenaka anati ndilowe. Anandiuza chinthu chimene sindimayembekezera. Anati, "Ndimadziwa kuti suli bwino. Ukakhala kumbuyo kwanga ndimayang'ana pagalasi kuposa kutsogolo. Koma ndikanakunenera, aliyense akanati ndakuopa, ndiye ndinatseka pakamwa." A Halloran nawonso akuti amaona. Zikuoneka kuti aliyense amadziwa.

Mwa mapointi ndathera pa nambala yachinayi. Ku Mangalande sanalembenso.

Laisensi sanandibwezere. Dokotala wa kuno akuti diso lakumanzere likuchedwabe kutsatira linzake. Akuti tidzaonenso mu Febuluwale. Ndinamufunsa ngati ndidzathamangenso, anati sakudziwa. Ndinamufunsa kachiwiri, anayankha chimodzimodzi.

Kalata yanu ndaiwerenga kambirimbiri. Masiku ena ndimaona kuti munalondola. Masiku ena ndimawerengera kuti inatsala mipikisano itatu yokha, mwina ndikanaimaliza bwinobwino, ndipo dzulo pa ndege paja ndikanakhala ine. Palibe amene angandiuze kuti zikanatha bwanji, ngakhale inuyo. Sindinakukhululukireni, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti ndatero.

Achemwali akuti tirigu wa kumpoto acha pakati pa Novembala ndipo mulibe wokuthandizani. Makina okololera sandilola kuyendetsa, fumbi ndi kugwedezeka kwake akuti si zabwino. Koma nkhosa ndikhoza kuyang'anira, ndi kukuphikirani. Ndifika pa basi ya Lachiwiri pa 8 Novembala, imaima pa sitolo ya mafuta 4 koloko masana. Za ku Mallala tisadzakambe, mwina mpaka titamaliza kukolola.

Loweruka ndinawerenga nyuzipepala yonse, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, mutu osawawa. Aka n'koyamba kuchokera mu Meyi. Achemwali sindinawauze, ngakhale dokotala. Ndaona kuti muyambe kudziwa ndinu.

Darcy